Foni ya Fakiri Itasiya Kulankhula

Panali munthu wina kwathu ku Nkhotakota kuno, dzina lake Fakiri. Amene anandiuza nkhaniyi analipo tsikulo.

Fakiri anasiya kuona ali mwana, atadwala chikuku. Koma pakamwa pokha Mulungu anamupatsa mosaumira. Ankamuitana m'masukulu, m'madrasa, ngakhale pamaukwati kuti akayankhule za moyo wa munthu wosaona, anthu n'kumaseka chogwira nthiti, kenaka n'kumapukuta misozi. Analinso ndi tsamba pa Fesibuku pomwe ankasimba za moyo wake, monga mmene amagwirira ogulitsa usipa wadzulo ndi mphuno yokha, ndi mmene anthu ena amamukuwira ngati kusaona ndi kugontha. Fakiri akanena chinthu, anthu ankangoti ndi momwemo.

Foni yake inali yolankhula, inkamuwerengera uthenga uliwonse. Womulembera patsambalo anali mlongo wake Madina, yemwe sankatumiza kanthu asanamuwerengere. Womunyamula popita koyankhula anali mwamuna wa Madinayo, Latifu, wa kabaza wa njinga yamoto.

Ndiye kunatulukira mkulu wina wochokera kutauni, Tedson, wonunkhira perefyumu, lilime lake lotsekemera.

"Bwana Fakiri, tsamba lanuli likugona," anatero Tedson. "Ndipatseni ine, dziko lonse likudziwani. Komanso foniyi kumangolongolola pagulu ngati wailesi, ikukuchotserani ulemu. Tiizimitse mawu. Maso anu ndikhala ine."

Madina sizinamusangalatse. "Achimwene, munthu ameneyu kwawo mukukudziwa? Tsamba mupatseni ngati mwafuna, koma foni isasiye kulankhula."

"Iwe ndi nsanje chabe," anayankha Fakiri. "Mawu awiri okha umalemba tsiku lonse."

Kutchuka kumaledzeretsa, abale anga. Pasiwedi inaperekedwa, foni inakhala chete. Otsatira tsambalo anachulukadi, Fakiri n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Sipanatenge nthawi, Tedson anayamba kumufunsira Madina, mkazi wa mwini. Latifu atamva anamugwira Tedson pakhosi pamaso pa anzake a kabaza n'kumuwomba mbama mpaka magalasi kugwa. Fakiri, poopa kutaya katswiri wake, anati ndi nkhani yaing'ono, agwirane chanza. Tedson anaseka n'kunena kuti zatha. Koma sizinathe.

Masiku amenewo kunali mphekesera zoti kwalowa anthu oba ana, ndipo kamtsikana kena kanali katasowa. M'mawa wina Fakiri anakwera njinga ya Latifu kupita kukayankhula pasukulu ina cha ku Mwadzama. Tedson anatsala, akuti mutu. Njira yonse foni inkangonjenjemera m'thumba. Anali Madina, kuimba ndi kulemba kuti abwerere msanga. Koma foni yopanda mawu munthu wosaona angaigwire pati?

"Mukuimva, alamu?" Fakiri anaseka. "Anthu akundikonda."

Atafika pamsika wina anapeza msewu atautseka ndi mabenchi.

"Ndi yemweyo! Jekete yofiira yomweyo!"

Anthu anamukokera Latifu pansi njinga isanaime n'komwe. Fakiri amayi ena anamudzutsa mwaulemu, kumusasa fumbi n'kumukhazika pakhonde la golosale.

"Mwapulumuka, a Fakiri. Zikomo potichenjeza."

"Kukuchenjezani chiyani?"

Mayi wina anatulutsa foni n'kuwerenga mokweza: "'Uyu ndi mlamu wanga, koma sindingabise. Ndi amene akunyamula ana panjinga kukawagulitsa. Lero adutsa msewu wa ku Mwadzama.' Mwalemba nokha patsamba lanu, ndipo chithunzi chake ndi ichi."

Fakiri anamva zibonga zikutera pathupi la munthu, njerwa zikusweka, ndi mawu a Latifu pakati pa phokosolo: "Alamu! Auzeni! Alamu!"

"Si ine! Sindinalembe ine! Musiyeni!" Anakuwa mpaka mawu kusasa. Munthu amene ankati akatsokomola holo yonse n'kukhala zii, tsikulo panalibe womumva. Anakwawa kulondola kumene kunkachokera kulirako, anthu akumuponda zala, mpaka anamupeza Latifu atanyowa ndi magazi. Anagona pamwamba pake. Njerwa inamuphwanya chibwano, chikuni chinamuthyola mkono, ndipo anamukoka miyendo n'kumutaya m'ngalande. Ali mmenemo anamva fungo la petulo, njinga ikuyaka. Pomwe apolisi ankafika, Latifu anali atasiya kuitana.

Kamtsikana kosowa kaja kanapezeka masana omwewo kwa azakhali ake, kakudya mango. Tedson anazimiririka, tsamba analifufuta. Ena mwa omenyawo anamangidwa, koma kumanga anthu sikudzutsa wakufa. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa Latifu anali munthu woti ngakhale nkhalamba yopanda kanthu ankainyamula ulere.

Maliro atatha, Madina anapita kuchipatala. Anapeza Fakiri nsagwada atazimanga ndi mawaya, osatha kutulutsa liwu. Atamva mapazi a mlongo wake anatambasula dzanja, koma Madina sanaligwire.

"Achimwene, zoti simuona sindinadandaulepo ndi tsiku limodzi lomwe," anatero motsitsa mawu. "Koma makutu munali nawo. Ana kunyumba akundifunsa kuti bambo awo anaba mwana wa ndani. Mukachira mudzawayankhe nokha."

Phunziro: Tsamba lanu ndi pakamwa panu, musabwereke munthu amene simukumudziwa, ndipo chilichonse chotuluka m'dzina lanu muyambe mwachimva nokha. Wachibale akakuchenjezani musathamangire kunena kuti ndi nsanje. Nanunso owerenga, musatole mwala chifukwa cha zomwe mwaona pafoni, ngakhale zitalembedwa m'dzina la munthu amene mumamukhulupirira. Tumizani nkhaniyi m'magulu anu onse, mwina ipulumutsa mwamuna wa wina.