Nyumba Yosaoneka pa Mapu

Basi inamutsitsa Ndaona pa Chikonde kutada kale. Foni yake inaonetsa nyumba zonse za m'mudzimo, pakuti masiku amenewo intaneti ya waifai ya pakhomo lililonse inkaulula pamene pali nyumbayo. Ya azakhali ake yokha sinaoneke.

Anafunsa mayi wogulitsa makala njira ya kwa a Nasimango, azakhali akewo. Mayiyo anamuunika kumaso ndi tochi.

"Mukuwafuniranji a Nasimango?"

"Ndine mwana wa achimwene awo."

"Achimwene ake ati? Tchulani dzina."

Atatchula, mayiyo anasiya makala namuperekeza.

Azakhali anamulandira akuseka. "Wazunzika, eti? Nyumba ino ndinaichotsa pa mapu ndine. Msuweni wako Elida anathawira kuno, mwamuna wake womenya uja akumusaka ndi foni. Tsopano wofika pano ndi amene anthu amulondolera."

"Nanga mukadwala, ambulansi?"

"Timakaichingamira kumsewu. Feteleza nayenso satibweretsera pakhomo, timasenza tokha. Miyendo tili nayo, mwanangu."

Kuchipinda Elida ankaliza mkonono.

M'mamawa Ndaona akudikira basi, galimoto inaima. Bambo wina anatulutsa mutu, foni ili m'manja.

"Achemwali, kwa Nasimango ndi kuti?"

"Pepani bambo," anatero Ndaona, akunyamula chikwama. "Ndine mlendo kuno."