Mawu Amene Adamulembera

Dzuwa lidali paliwombo, kukutentha zedi, pamene anyamata a chipani adatsitsa Stanford Chikafa m'basi pa Uliwa, kumpoto, chifukwa adalibe khadi la umembala wa chipanicho. Ali wefuwefu, adaona Eliness Msiska akugulitsa mpunga m'mbali mwa msewu.

"Mayi Msiska! Chonde, auzeni anyamatawa kuti mukundidziwa. Akanditsekera, ntchito yanga yatha!"

Eliness ankamudziwadi. Kwa zaka khumi ndi zisanu adachita nawo masewero a pa wailesi amene bamboyu ankalemba ku Blantyre, ndipo nthawi zonse ankapatsidwa mbali imodzimodzi: wantchito wochokera kumpoto, wosamva Chichewa, woti dziko lonse lizimuseka. Tsiku limene adapempha mbali ina, Stanford adamuchotsa ntchito.

Anyamata aja adatembenuka kudikira yankho. Eliness adapendeketsa mutu, natulutsa mawu amene Stanford adamulembera kambirimbiri.

"Bwana, Chichewa ine nkhupulika yayi."

Anyamata adaseka mpaka kugwira nthiti, monga momwe ankasekera kunyumba pomvera wailesi. Atatha kuseka adamugwira Stanford mikono, basi ija n'kunyamuka kumusiya.

Eliness adasenza dengu lake nachoka osacheuka.