Madzi Othawa M'thanki

"Alamu, madzi mwapita nawo kuti?"

Pookoya, mwini ngalawa, anagwedeza ndodo yoyezera madzi a m'thanki pamphuno pa mlamu wake Hamsa. Inali itanyowa kunsonga kokha, chonsecho dzulo inkanyowa mpaka pakati. Mphepo inali italeka, thanga lili lende, ngalawa itaima chilili, ndipo gombe la Mangalore, kumene ankapita, silinkaoneka n'komwe.

"Ine kumwa theka la thanki? Mimba yake iti?" Hamsa anayesa kuseka, koma amalinyero anzake anali atamuzungulira kale, onse ali ndi ludzu.

"Mumasamba mobisa inu!" anatero Pookoya. "Mukuyesa sitidziwa kuti kumtunda kuli wina akukudikirani?"

Mlinyero mmodzi anatola chingwe choti amangire Hamsa. Pomwepo kamphepo kanawomba, thanga linafufuma, ngalawa n'kupendekeka monga inkayendera ulendo wonse.

"Bwerani muone umboni nonse!" anakuwa Pookoya, akuviikanso ndodo.

Inatuluka itanyowa mpaka pakati. Ndi kupendekeka kwa ngalawako, timadzi tochepa totsala m'thankimo tinali titakhamukira mbali ya bowo loyezera, monga tinkachitira masiku onse amene Pookoya ankauza anthu kuti azimwa mosaumira.

Pookoya anayang'anitsitsa ndodo ija, kenako anatsokomola.

"Mwachita bwino kubweza, alamu."