Chikhatho Chowonjezera

Telala adaimitsa makina mng'ono wake ataponya nsalu yakuda patebulo.

"Mundisokere mbendera, achimwene. Anzanga akuidikira."

Anzakewo telala ankawadziwa. Ndi omwe adamuletsa mnyamatayu kupereka moni kwa aneba osapemphera nawo.

"Mbendera ya chiyani?"

"Ya nkhondo. Chisilamu chidafala ndi lupanga. Inu mwangofewa basi."

Telala adatambasula nsaluyo n'kuyeza ndi tepi. Monga mwa chizolowezi, adaika chikhatho kupitirira muyeso asanalembe ndi choko.

"Malupanga adalipo, sindikukana," adatero. "Koma pakhomo pathu sadafike. Ukudziwa chifukwa chake timawonjezera chikhatho poyeza?"

"Bambo ankatero."

"Bambowo adatengera kwa agogo awo. Agogowo adaona mlendo wogulitsa nsalu akuwonjezera chikhatho kwa aliyense, Msilamu ndi wosakhala Msilamu yemwe. Adamulondola kuti akaone komwe adaphunzira khalidwe limenelo, mpaka adapezeka ali mumzikiti. Ife tidalowa choncho."

Mnyamatayo adangoti maso dwii pa mzere wa choko. Foni idalira m'thumba mwake, idaliranso, iye osaigwira.

Telala adanyamula sizasi. Ankadziwa kuti akangokana, mwana wa mayi akeyu apita kwa telala wina ndipo sadzabweranso.

"Ndidule pati?"

Mng'ono wakeyo adakanda m'mutu.

"Kodi... singakwane thalauza?"

"Ndi miyendo yako yansungwiyi? Mwayi wako ndi chikhatho chija. Taimirira bwino ndikuyeze."