Envelopu Yachisanu

Kalata ya boma inafika Lolemba, pa 16 Meyi 2022. Inati kafukufuku wa Dokotala Sosamma Kuruvilla pa matenda a chimanga ndi wofunika ku dziko lonse la Amereka, choncho angathe kupempha chilolezo chokhazikika popanda bwana womuimira. Pempho limene kalatayo inkayankha analemba yekha, masamba 412, osafunsa loya aliyense.

Lachiwiri m'mawa anali mu ofesi ya Mayi Lindqvist ku Des Moines, loya woyamba kumuona pa nkhaniyi.

"Mwapambana, Dokotala, koma mwangolowa pamzere," anatero loyayo. "Mzerewo umatengera dziko limene munthu anabadwira. Obadwira ku India amene akuitanidwa mwezi uno anapempha mu 2014."

"Mwana wanga Anila ali ndi zaka 19."

"Akakwanitsa 21 musanaitanidwe, atuluka m'fayilo yanu. Adzayenera kudzipezera pepala lakelake, apo ayi abwerere kwawo."

Anila anachoka ku Kottayam, ku India, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chinenero cha kumeneko amangochimva, kuyankha satha.

Sosamma anafunsa ngati makalata ena a akatswiri angafupikitse mzerewo. Ayi. Nanga anthu 900 amene anagwira mawu ake m'zolemba zawo? Ayi. Sosamma anakankhira chikwatu cha mapepala patsogolo.

"Ndiye tichite chimene chingatheke. Muchotsemo dzina la Thampi."

Thampi anali mwamuna wake. Analekana mu Disembala, ndipo kwa miyezi isanu Thampi anakana kusaina kuti ukwati uthe. Kutchalitchi kwawo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Zaka khumi ndi zitatu Thampi ankakhala m'dzikomo pa chitupa cha mkazi wake, ndipo ukwati ukatha analibe poimira. Sosamma anatseka nambala ya Thampi pafoni. Maenvelopu anayi amene Thampi anatumiza anawabweza osatsegula. Yachisanu anaitsegula chifukwa inadzera kwa loya wa zaukwati, ndipo munali siginecha imene ankaidikira. Woweruza anali ataika tsiku lothetsa ukwatiwo: Lachisanu pa 20 Meyi, 9 koloko m'mawa.

"Anakakamira ngati nkhupakupa," anatero Sosamma. "Tsopano watopa."

Mayi Lindqvist ankatsegula mapepalawo limodzilimodzi, chala atanyowetsa. Anaima pa pepala lina lakale, lachikasu, long'ambika m'mapindiro.

"Nanga ichi?"

"Chikalata chobadwira cha Thampi. Anachiika mu envelopu yomweyo. Kaya amafuna ndimumvere chisoni."

"Munachiwerenga?"

"Ndakhala naye zaka 22, mayi. Tsiku lake lobadwa ndikulidziwa."

"Sindikunena tsiku. Apa palembedwa Kitwe, Zambia."

"Bambo ake ankaphunzitsa masamu kumeneko. Anachokako ali ndi miyezi isanu ndi itatu, sakumbukako ngakhale mtengo umodzi."

Loyayo anavula magalasi. Anayang'ana kalendala ya pakhoma, kenako anatembenuza pepalalo. Kuseri kwake kunali mawu a pensulo, ndipo anawawerenga mokweza: "Ndakulembera kanayi. Funsa loya za pepala ili. Si za ine, n'za Anila."

"Lamulo limalola mkazi kuima pamzere wa dziko limene mwamuna wake anabadwira," anatero Mayi Lindqvist, "malinga ngati ukwati ulipo ndipo akupempha limodzi. Mzere wa obadwira ku Zambia mwezi uno ulibe wodikira."

Sosamma anatsegula nambala ija nthawi ili 10:42. Foni ya Thampi inaitana kasanu ndi kawiri osayankhidwa, ndipo kunali kutatsala masiku atatu kuti Lachisanu lothetsa ukwati lija lifike.