Chigoli Chimene Mwini Wake Sachikumbukira

Panali munthu wina, dalaivala wa galimoto yonyamula katundu, amene anali ndi ana awiri, mnyamata ndi kamtsikana. Mnyamatayo anali wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo anzake ankamutcha Kamphepo chifukwa cha liwiro. Nkhaniyi ndinaimva kwa mayi wina amene mwana wake ankasewera timu imodzi ndi iyeyo.

Sukulu zitatsekera tchuthi cha nyengo yotentha, bamboyo anamulembetsa Kamphepo mpikisano wa mpira wa ana. Tsiku loyamba kochi anasonkhanitsa makolo n'kuwauza kuti, "Lamulo langa ndi limodzi. Mwana akamenyetsa mutu atuluke m'bwalo, asabwererenso tsiku limenelo, ndipo mukamuonetse kuchipatala."

Mayi a Kamphepo anasunga mawuwo. Bambo ake anangoseka. "Ife tinkagundana mitu tsiku ndi tsiku, tinafa?"

Loweruka lina mayiwo, amene anali telala, anatsala pakhomo kuti amalize madiresi a anthu, bamboyo n'kupita kumpira ndi ana onse awiri. Popereka botolo la madzi anauza amuna awo kuti, "Muziyang'ana mwanayo, osamangoyang'ana mpira."

Masewero ali mkati, Kamphepo analumphira mpira wam'mwamba n'kugundana ndi mwana wina wamkulu thupi. Anagwa chagada, mutu n'kumenya pansi. Anachedwa kudzuka, ndipo atadzuka ankadzandira. Kochi anamutulutsa.

Bamboyo anathamangira komweko. "Akochi, mwanayu ali bwinobwino. Taimirira iwe. Mutu ukuwawa?"

Mwanayo anayang'ana nkhope ya bambo ake n'kuyankha kuti, "Ayi."

"Mwamva? Mwanayu ndi wanga, ndimamudziwa ndine. Tiluze chifukwa cha kachotupa?"

Makolo ena nawo anayamba kukuwa kuti mwana abwerere. Kochiyo anali wachinyamata, anagonja. Kamphepo analowanso, ndipo mpira uli pafupi kutha anagoletsa chigoli chimene timu yawo inawinira.

Pobwerera bamboyo anawagulira ana ayisikilimu. "Zakugwazi amayi anu asamve. Mukuwadziwa, akangomva, mpira wathera pomwepo. Wamva, iwe kamlomo?" Kamtsikanako kanavomera ndi mutu.

Atafika kunyumba bamboyo anayamba kufotokoza za chigoli, uku akuponya mwendo m'mwamba pabalaza. Mayiwo ankamvetsera akupalasa makina, koma maso anali pa mwana. Anaona kuti ayisikilimu wasungunukira m'dzanja osanyambitidwa. Anaona kuti wavula nsapato imodzi, inayo waiwala. Kenako mwanayo anatseka makatani, akuti kuwala kukumulasa m'maso.

"Amayi, kodi tawina?"

"Si wagoletsa ndiwe?"

"Ehe."

Pasanapite nthawi anafunsanso, mawu ake omwewo. "Amayi, kodi tawina?"

Makina anaima.

"Bambo ake, mwanayu watani?"

"Ndi dzuwa. Watopa basi. Musiyeni akagone, adzuka ali bwino."

Mwanayo asanafike kuchipinda anasanza pakhonde. Mayiwo pomugwira mutu anapeza chotupa kuseri kwa khutu, tsitsi litachibisa.

"Nanga ichi?"

"Mpira umatero, mayi a Kamphepo. Inu zonse mumazikulitsa."

"Anagwa?"

"Sanagwe."

Mayiwo anacheuka n'kuona kamtsikana kaja kataima pakhomo, misozi ikutsika, kamwa katatseka ndi dzanja. Anakagwada patsogolo pake.

"Sindikumenya, mwana wanga. Achimwene ako anagwa?"

"Anagwa, amayi. Anagona pansi osagwedezeka. Adadi anati ndisanene."

Mayiwo sanakalipe. Anangotenga makiyi a galimoto patebulo n'kuwaika m'manja mwa amuna awo. M'njira yonse anakhala kumbuyo atapakata mwana, akumuitana dzina. Poyamba ankayankha. Chapafupi ndi chipatala anasiya kuyankha.

Dokotala atamuunika anati magazi akudontha mkati mwa mutu, ndipo ayenera kuchitidwa opaleshoni pompo. "Anamenyetsa nthawi yanji? Anapumula atagwa?"

Bamboyo anayang'ana pansi. "Anapitiriza kusewera."

"Anamulola ndani?"

Mayiwo anatembenuka n'kuyang'ana amuna awo.

"Mukanamusiya kuti agone mpaka mawa, tikanakamba zina," anatero dokotalayo, n'kulowa.

Makolowo anadikira pabenchi. Mwanayo anamulowetsa ku opaleshoni atavalabe nsapato imodzi ija, ndipo namwino atatuluka nayo anaipereka kwa bamboyo. Anaifumbata mpaka opaleshoni kutha.

Kamphepo anatsitsimuka m'mawa mwake. Ataona bambo ake anafunsa ndi mawu otsika, "Adadi, mpira uja tisewera liti?"

"Unasewera kale, mwana wanga. Unagoletsa."

"Ine?"

Mwanayo anachira, ngakhale madokotala anamuletsa mpira kwa nthawi yaitali, ndipo mutu umamuvutabe akawerenga kwambiri. Chigoli chija sachikumbukira mpaka lero, ndipo bambo ake anasiya kuchikamba.

Tsiku lina bamboyo akuchokera kuntchito anabweretsera kamtsikana kaja ayisikilimu. Sikanalandire. Kanabisa manja kumbuyo n'kufunsa kuti, "Adadi, lero ndibise chiyani?"

Phunziro: Mwana akamenyetsa mutu pamasewero, mutulutseni ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale anene kuti sakumva kuwawa. Ana amati "ayi" pofuna kutisangalatsa. Akamasanza, kudzandira kapena kufunsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza, musati watopa. Ndipo musaphunzitse mwana kubisira mayi ake kapena bambo ake zimene zachitikira m'bale wake. Tumizirani makolo anzanu, makochi ndi onse amene amaperekeza ana kumpira tchuthi chino.