Dijuntoro Yaikulu ya Bambo Élio

Mandimba yense akunong'onezana kuti makina owotcherera a bambo Élio analodzedwa. Bodza, anzanga! Dijuntoro ya m'galaja mwawo, kaswichi kodula magetsi kaja, inali yochepa mphamvu, n'chifukwa chake inkangogwa.

Dzulo anamangamo yaikulu yochokera ku Cuamba, koma mawaya ndi akale omwe aja, owonda ngati ulusi.

Bambo Élio ali mkati mowotcherera geti la kasitomala, akazi awo, mayi Dulce, anagwira khoma la galajayo. Linali lotentha, khanda lawo lili m'tulo kuseri kwake.

"Bambo a Jéssica, zimitsani! Pulasitiki ikununkha!"

"Ndizimitse? Eni getili atopa kudikira. Akalitenga, tidya mawayawo?"

Moto wabuluu wa makinawo unang'animanso. Dijuntoro sinagwe.

Inu mukanakhala mayi Dulce, mukanangonyamula mwana n'kutuluka, kapena mukanazimitsa makina odyetsa banja lonsewo?